Chotupa cha kummero kwa alamu anga

Tinanyamuka ku Mphunzi m'mamawa, chisanu chikuluma zala, nkhondo ya Jeremani isanayambe. Pa machila panali alamu anga a Lukasi, ataonda ngati bango chifukwa miyezi isanu ankangomeza phala lamadzi. Achemwali anga Nangozo, akazi awo, ankatsata pambuyo. Onyamula anayi tinawapatsa lichero la nyemba aliyense.

"Alamu," ndinatero, "mwapepuka chonchi, nyemba zija taononga."

Anaseka, koma mawu sanatuluke.

Masana tinaoloka Linthipe, madzi a m'chiuno. Kutsidya mayi wina anatiotchera mbatata. Poti mlendo sakana chakudya, alamu analumako, n'kutsamwa. Anakwawira kuseri kwa chulu kukasanza. Ine, mwa chidwi changa chija, ndinasuzumira. Mkamwa mwawo munatuluka chinyama chotalika ngati chala, iwo n'kuchimezanso.

Achemwali anandigwira mkono. "Usanene. Kumudzi akamva ati ndi nyama ya kumanda, awamwetsa mwabvi."

Tinagona pa mudzi wina, ndipo m'mawa dzuwa litakwera tinafika pa chipatala cha mishoni. Dotolo wachizungu analowetsa kagalasi kukhosi, anasuzumira, anapapasa, osaona kanthu. Wotanthauzira anati, "Akuti bwererani, muziwapatsa mkaka."

Achemwali maso pansi. Kubwerera kunali kukakumba manda, tonse tinkadziwa.

Pakamwa panga pamandipachika kuyambira ubwana. Ndinatembenukira kwa wotanthauzira. "Bambo, auzeni kuti chinthucho chimatuluka akasanza."

Achemwali anandiyang'ana ngati ndawavula pamsika.

Dotolo anawamwetsa alamu madzi a mchere kuti asanze. Chitangotuluka anachigwira ndi chopanira, anachimanga ulusi kutsinde, n'kudula. Onyamula anayi aja atawapanikiza pa tebulo, magazi mbale yonse. Anati si choopsa chija chimadya munthu, ndi chotupa wamba chomera m'njira ya chakudya, koma tsiku lina chikanawatseka mpweya.

Patapita masabata awiri tinabwerera, alamu akuyenda okha ndi ndodo. Anakhalanso zaka zambiri, ana ena atatu pamwamba. Koma achemwali sanandilankhule mpaka kukolola, ndipo chinyamacho anakachikwirira okha kutchire, osauza munthu malo ake. Ndinaphunzira kuti mantha a anthu amapha msanga kuposa nthenda. Ndinaphunziranso kuti wopulumutsa ndi pakamwa sayamikidwa.