Matikiti a Makwaya a Mayi Pauline

Mayi Pauline anali a ku Mlangeni, koma anthu a pa Ntcheu Boma ankawadziwa ndi kashopu kawo kosindikizira mapepala kuseri kwa msika. Ntchitoyo anaphunzira kwa amuna awo a Fyson, amene anabwera kuchokera ku Joni ndi kompyuta, printa ndi chidindo chomenyera manambala. A Fyson atamwalira, mayiwo sanatseke. Makadi aukwati, mapulogalamu a maliro, matikiti a mpira, zonse zinkatuluka m'manja mwawo, ndipo nambala sinkabwerezedwa.

Kutatsala sabata imodzi kuti kuchitike chisankho, kunabwera a Silvester, mkulu wa makwaya a ku Lizulu. Ankafuna matikiti zikwi ziwiri a mpikisano wa nyimbo. Pa tikiti iliyonse pakhale nambala, zithunzi za oyimbitsa makwaya asanu, ndi kabokosi pambali pa chithunzi chilichonse kuti wolowa achonge kwaya imene yamusangalatsa. Mayi Pauline anakonza bwino lomwe, namenya manambala masiku awiri mpaka phewa kuwawa.

Lachinayi m'mawa anaitana wakabaza kuti akasiye katoni yoyamba pa siteji ya minibasi. Katoniyo inang'ambika pakona. Munthu wina pa siteji anasuzumira, naona nkhope zondandalikana, timabokosi ndi manambala. Dzuwa lisanafike pamutu, msika wonse unali utamva kuti mayi wa kuseri uja akusindikiza mapepala obera mavoti.

Mayi Pauline anayamba kumva phokoso ngati la mvula yochokera kuphiri. Atasuzumira pakhomo, anaona khamu likukhota pa ngodya ya magolosale, ena atanyamula miyala. Anakhoma chitseko ndi mpiringidzo. Mwala woyamba unagwa padenga, wachiwiri unaswa galasi la zenera.

“Tulukani mayi, mutiuze amene wakutumani,” anatero mwamuna wina panja, ndi mawu odekha amene anawaopsa kuposa kukuwa kwa enawo.

Mayiwo anaimbira a Silvester, foni inangoitana. Kenaka anamva fungo la petulo likulowa pansi pa chitseko. Anakhala pansi pafupi ndi printa, akuganiza za ana awo awiri amene anali kusukulu, ndi kuti adzamva bwanji. Mapepala anali mbwee m'shopumo, ndipo ankadziwa mmene pepala limayakira.

Pomwepo anatapa matikiti odzaza manja awiri, nakwawira ku zenera losweka, n'kuwaponya panja. Galasi linawacheka pamkono koma sanamve. Anatapanso ena, naponyanso.

“Werengani,” anatero. “Chonde ingowerengani.”

Anthu anayamba kulimbirana mapepalawo. Phokoso linatsika pang'ono. Mayi wina wogulitsa mbatata, dzina lake Lufina, anayang'anitsitsa tikiti yake nthawi yaitali.

“Awa si a Goliati awa, oyimbitsa kwaya kwathu? Akupikisana nawo pa upulezidenti kuyambira liti?”

Wina anaseka, kenaka ena angapo. Mwamuna wa mawu odekha uja anawerenga mokweza mutu wa tikitiyo, umene unali m'zilembo zazing'ono pamwamba, n'kuiponya pansi. Apolisi pofika anapeza anthu akubalalika, chigubu cha petulo chili chogona m'ngalande, mwini wake osadziwika.

Mayi Pauline sanatsegule mpaka Lufina atagogoda yekha n'kutchula dzina lake. Ndi iye amene anawamanga mkono ndi mpango wake n'kuwaperekeza kuchipatala.

Palibe anabwera kudzapepesa. Ena mwa anthu amene anali m'khamu lija amabwerabe kudzasindikizitsa makadi aukwati, ndipo mayiwo amawalandira, kuwafunsa tsiku ndi mayina, osakweza maso. Mpikisano unachitika chisankho chitadutsa. A Silvester anawatumizira uthenga kuti awasungira mpando kutsogolo, koma mayiwo atamva kuti kukakhala anthu zikwi ziwiri, anati mkono sunapole.