Dzanja la Tadala pachithunzi cha kampu

Inu amene mukugawana chithunzi cha kampu ya ana ya kunja kuno ku Clondalkin, tachiyang'ananinso bwino. Dzanja lagwira mpira kumanzereko ndi la ndani? Ine ndalizindikira ndi chibangiri chofiiracho.

Tadala mnzanga, ndi lako. Lero chakwana chaka kuchokera pamene unatisiya, koma tsiku la chithunzichi sindiliiwala. Tonse awiri tinkayang'anira ana, mvula ikugwa, basi yopita kunyanja osabwera, ana akulira muholo. Unatola majumbo n'kukulunga mpira, kuumanga ndi chingwe cha nsapato yako, n'kuyamba kuwaphunzitsa fulaye. Kamtsikana kena kanakugenda pamphumi n'kukuwa, "Auntie, out!" Iwe unati, "Mwana iwe, ku Ndirande konse palibe anandigendapo!" Unatuluka ukuseka, ukukoka nsapato yopanda chingweyo.

Tsopano a kampu alemba kuti masewerawa anayambitsa ndi abwana atsopano, iweyo akudula pachithunzipo n'kungosiya dzanja. Ndawafunsa, akuti zinachitika mwangozi. Ngozi yanji yosankha munthu mmodzi yekha, amene sangadziyankhire? Ine ayi, sindikukhulupirira. Inu a kampu, chithunzi chathunthu muli nacho, ndinajambula ndine. Chibwezereni lero lomwe, ndipo mulembe dzina lake.