Apongozi anandivomerera mlandu wa mbuzi

Mwa inu amene mumawerenga tsamba lino sabata ndi sabata, ndi angati akudziwa kuti wolemba wake ndi munthu wopezeka wolakwa kukhoti? Musadandaule ngati simumadziwa. Inenso mwini wake ndamva Lolemba lomweli, pamsewu, kwa wapolisi.

Ndinali pa njinga yamoto ya boma, ija ndimayendera alimi a fodya, ndikutuluka pa Bolero. Wapolisi anandiimika, nayang'ana nambala, nayang'ana ine, kenako n'kuyamba kuseka mpaka chipewa kupendekeka.

"Ndinu a Katsabola, alangizi a mbuzi aja?"

"Ndine mlangizi wa fodya ine."

"Ayi, a mbuzi. Tsikani, bwana. Khoti linakuletsani kuyendetsa kwa theka la chaka, mwaiwala kale?"

Kuiwala! Munthu angaiwale bwanji chinthu chimene sanamvepo? Njinga ndinaikankha mpaka ku ofesi thukuta lili kamukamu. Kumeneko bwana wanga sanapsatire mawu: ndikapanda kuwombola laisensi, njinga apatsa wina, ine ndiziponda wapansi. Alimi anga ali mpaka ku Hewe ndi kufupi ndi Thazima, ndipo mimba yangayi mukuidziwa inu amene munandionapo.

M'mawa mwake ndinalawirira kukhoti ku boma. Kalaliki anandifotokozera kuti mwezi watha wapolisi wina anandiona ndikudutsa pamsika nditamanga mbuzi kumbuyo kwa njinga, nyanga zikuloza kumwamba.

Mbuzi iti, abale? Unali mpope wopopera mankhwala m'munda, wa boma lomwelo, nditaukulunga m'chiguduli. Mpaka lero mpopewo uli ku ofesi ndipo sunalirepo.

"Nanga samani bwanji sindinailandire?" ndinamufunsa kalalikiyo.

"Mesenjala anapeza kwanu kotseka. Inu munali ku maphunziro ku Mzuzu, akazi anu akukolola kwawo. Ndiye anakaisiya kwa apongozi anu, a Mhango, ku Hewe."

"Ndiye munandiweruza ine palibe?"

"Munalipo, bwana. Munabwera kudzera mwa a Mhango."

Apa ndinapempha mpando.

Akuti dzina langa litaitanidwa, mkuluyo anaimirira atavala jekete lake la kutchalitchi, chipewa m'manja, nkhuku kukhwapa. Ananena kuti mkweni wake, ndiye kuti mkamwini m'chinenero cha kuno, wamutuma kudzapepesa. Nkhuku anaikana a khoti, koma mawu anawalandira. Woweruza anangofunsa za mbuzi basi, koma a Mhango anaona kuti mbuzi imodzi yachepa.

"Tavomera chomene, bwana. Ndipo si mbuzi yokha. Tsiku lina ananyamula ine ndi thumba la chimanga, akuthamanga ngati mphepo. Mwana ndi mwana, mukhululukireni."

Kalaliki akuti woweruza anali atakonza zongochenjeza. Atamva za thumba la chimanga, anakhala bwino pampando.

Ine ndikulumbira pano kuti a Mhango sanakwerepo njinga yanga. Amaiopa kuposa njati za ku Vwaza, ndikangoiliza iwo amapita kuseri kwa nkhokwe. Ananena zija chifukwa kumudzi ndi mmene mlandu umathera. Mkamwini sayankha yekha pabwalo, akulu ndiwo amamuimira. Wokana amaoneka wamwano, pomwe wovomera n'kuwonjezerapo pamwamba amafewetsa mitima, anthu n'kudya nkhuku, nkhani n'kutha. Palibe anawauza kuti khoti la boma zimene wawonjezera limazilemba.

Madzulo ndinamufunsa mkazi wanga, Nyamhango, ngati ankadziwa.

"Eya, tinkadziwa tonse. Adada anaitanitsa banja lonse."

"Banja lonse kupatula mwini mlandu?"

"Anati tisakuuzeni, bambo a Tiwonge, mungaonde. Anatinso ndinu mlendo wochokera ku Dedza, sitingakusiyeni muime nokha pamaso pa anthu ngati mulibe eni ake."

Ndinafuna kukalipa, koma ukalipa bwanji munthu akukuuza kuti anakuphera laisensi pofuna kuti usaonde?

Ndinene poyera kuti boma pano silinalakwe. Ndabwereza, silinalakwe, ndipo khadi langa la chipani lili m'thumba lakumtima. Amene ndikulimbana nawo ndi ifeyo, ndi khalidwe lathu lobisira munthu nkhani yake yomwe chifukwa cha ulemu. Ndi kangati munauzidwa kuti amalume "akudwala pang'ono", inu n'kugula malalanje, pofika n'kupeza anthu akuchokera kumanda? Ndi atsikana angati amamva pachitsime kuti ukwati wawo unakambidwa kale? Mudzi wonse umadziwa, agalu omwe amadziwa, koma mwini nkhani amangoona anthu akumupatsa moni mofatsa modabwitsa.

Timati tikumuteteza. Chonsecho mlandu suola, umangomudikira pamsewu wa Bolero utavala yunifolomu.

Komabe njira inalipo. Kalaliki anandiuza kuti munthu woweruzidwa asanaitanidwe akhoza kupempha kuti mlandu uzengedwenso. Chofunika ndi kulumbira pamaso pa woweruza kuti samani sindinaione ndiponso a Mhango sindinawatume. Ndinasangalala, mpaka ndinayamba kupukuta mpope uja kuti ukaoneke bwino ngati mboni.

"Koma dziwani," anatero kalaliki, "kunamiza khoti kuti watumidwa ndi mlandu paokha. Mukapambana inu, mkuluyo akhoza kukagona kundende."

Ndinamuyankha kuti zimenezo n'zawo, ine ndikufuna njinga yanga. Ndinalankhula molimba mtima ndithu, poti a Mhango anali kutali ku Hewe.

Pempho ndinapereka, ndipo Lachinayi, tsiku lozenganso mlandu, a Mhango anabwera. Anapalasa njinga yawo yakapalasa ulendo wonsewo, jekete lomwe lija, ndipo nkhuku anasintha, anabweretsa tambala. Anakhala pabenchi lakutsogolo akumwetulira, akuuza aliyense woyandikana naye kuti uyo waima apoyo ndi mkweni wake, mlangizi wamkulu. Iwo ankaganiza kuti tabwera kudzathokoza.

Woweruza anayang'ana mpope uja, nauzungulira, ndipo ndinaona ndi maso angawa kuti akulimbana ndi chiseko. Mlandu ndinali nditawina kale, abale! Kenako anandifunsa:

"A Katsabola, yankhani mwachidule. Kodi akuluwa munawatuma, kapena anadzituma okha?"

Ndinacheuka. Mkulu uja anali atavula chipewa, akundigwedezera mutu kuti ndilankhule mosaopa, iye alipo. Nsapato zake zinali zofiira ndi fumbi la ku Hewe. Ameneyu ndi munthu amene anandipatsa mwana wake malowolo ndisanamalize, ndipo sanandikumbutsepo. Ndinayesa kumuganizira atavala kabudula wa kundende, ndinalephera. Ndinayesanso kuganizira zomwe ndikamuuze Nyamhango, ndinalepheranso.

"Ndinawatuma, bwana."

"Ndiye mwabweretseranji mpope?"

"Umafuna kuona khoti, bwana."

Anthu anafa nacho chiseko, woweruza anamenya tebulo, chigamulo chinakhala chomwecho. Theka la chaka. Ndinatuluka nditasenza mboni yanga paphewa, ndipo kunena zoona misozi inali pafupi, chifukwa njinga ija ndinkaikonda.

Panja a Mhango anandikokera pansi pa mtengo. Kumwetulira kuja kunali kutatha.

"Mkweni, kalaliki wandiuza tsopano apa zomwe zikanandichitikira. Ine sindimadziwa. Yewo chomene, mwana wane."

Kenako anandigwiritsa chiwongolero cha njinga yawo yakapalasa. Anati nditenge ndiziyendera alimi, iwo abwerera pa matola. Ndinafinya mabuleki kuti ndiyese, zitsulo zinangolowa osagwira kanthu.

"Adada, mabuleki mulibe umu."

"Anatha kalekale, mumaima ndi phazi. Koma apolisi akakugwirani musadandaule, mkweni. Ndikapitanso ndine."

Tsono inu odziwa malamulo, tandithandizani: ndi khoti liti limene munthu angakapemphe kuti apongozi ake achepetseko kumukonda?