Kamera imene inachotsetsa ntchito a Mulepa

Ndinanamizira munthu wosalakwa mpaka anachotsedwa ntchito, ndipo lero anthu a kumalaini, kunyumba za antchito, sayankha moni wanga. Inu owerenga, imvani zimene chidani chinandichititsa.

Ndine kalaliki pa nazale ya tiyi pa esiteti ina kuno ku Thyolo. Mapaipi othirira mbande atayamba kusowa, abwana anaitana katswiri wa ku Blantyre. Iye anatiikira kakompyuta kokwana m'dzanja, n'kulumikizako kamera ya USB yoyang'ana kugeti. Pulogalamu yoyendetsa kakompyutako si ija ya m'malaputopu ayi, ndi ina yachilendo yodziwika ndi anthu ochepa. Pochoka anandisiyira pepala, ine n'kuliponya m'dirowa osawerenga.

Mvula itawononga kamerayo, ndinakwera minibasi kukagula ina ku Limbe. Wogulitsa anati USB ndi USB basi, imalowa paliponse. Inalowadi, kagetsi kake n'kuyaka, koma chithunzi osabwera. Ndinakaisinthitsa, yachiwiri chimodzimodzi. Sabata yomweyo mapaipi anayi anasowa.

Maganizo anga anathamangira kwa a Mulepa, mlonda wa pageti. Ine ndi bambo amenewa sitinkamwerana madzi chiyambire tsiku limene ananditchula mwana wadzulo pamaso pa antchito. Ndinakauza a manijala kuti ndinawaona akugwiragwira mawaya a kamera kuti isajambule akuba. Sindinawaone, linali bodza.

Ataitanidwa ku ofesi, a Mulepa anandiyang'ana m'maso. "Iwe, ngakhale foni yomwe, amandiyimbira ndi adzukulu. Kompyuta ndingaidziwire kuti?"

Ndinawayankha kuti mbala sisowa nzeru. Anawachotsa ntchito, nyumba ya kampani n'kuwalanda, iwo n'kubwerera kwawo ku Changata.

Patapita mwezi katswiri uja anabwera. Analumikiza kamera ija ku laputopu yake, chithunzi n'kubwera pompo. Kenako anandifunsa za pepala. Titalitulutsa, munali mayina a makamera atatu okha amene pulogalamuyo imawazindikira. Ena onse, ngakhale ayake bwanji, siiwaona. Anandikalipira ngati mwana, akapitawo onse akumva, ndipo madzulo asanafike nkhani inali itawanda esiteti yonse.

Ndinapita ku Changata kukapepesa. Akazi awo a Mulepa ananditsekereza panjira, khasu lili m'manja. "Wabwera kudzatinamiziranso chiyani? Bwerera komwe wachokera, njoka iwe!" A Mulepa ndinawaona atakhala pakhonde, koma sanatembenuke n'komwe. Ntchito yawo inali itapatsidwa kale kwa wina, ndipo a manijala anakana kuyambiranso nkhaniyo.

Inu owerenga, chipangizo kulowa pabowo si umboni woti chigwira ntchito. Musanagule, funsani amene anakuikirani makinawo, ndipo muwerenge zimene anakulemberani. Koma chachikulu ndi ichi: makina akakuvutani, musathamangire kuloza chala munthu amene mumadana naye kale. Kamera yoyenera tinaipeza pa masiku atatu okha. A Mulepa, pa msinkhu wawowo, akulima maganyu m'minda ya anthu chifukwa cha pakamwa panga.