Tabuleti Yokana Kutulutsa Mawu a Bambo

Tabuleti ija anabwera nayo achimwene anga kuchokera ku Joni, ataikulunga m'thawulo pakati pa zovala. Inali yogwiritsidwapo kale ntchito koma yokongola, yopyapyala. Anaipereka kwa bambo athu, amene panthawiyo anali atandisiyira makina osokera pakhonde la golosale ku Chilomoni chifukwa maso anali atayamba kuwavuta. Ine ndinadana nayo tsiku lomwelo.

Ndinaitembenuza mbali zonse kufunafuna poika memole khadi, osapapeza. Kwathu kuno chipangizo chikalowa m'nyumba chimakhala cha tonse. Umapita nacho kwa anyamata obena nyimbo pamsika akakudzazire makwaya, mafilimu ndi magemu a ana, ndipo mnzako akakonda nyimbo mumayandikizitsa mafoni n'kumugawira. Iyi ayi. Ukati uikemo pulogalamu, inkakutumiza kusitolo yake yokha, ndipo kusitoloko inkafuna pasiwedi ya mwini wake woyamba, munthu amene ngakhale achimwenewo sankamudziwa. Anyamata apamsika anangoiyang'ana n'kundibwezera. "Iyi ndi yamatama, asisi. Siidya za anthu wamba."

Mwezi wonse umene achimwene anakhala kumudzi kuno tinkakangana za iyo yomweyo.

"Ubwino wake ndi womwewo," ankatero. "Foni yakoyo waiflashitsa kangati chaka chino? Yadzaza mavairasi chifukwa aliyense amathiramo zake. Iyi ili ndi mlonda pageti."

"Mlonda wokaniza mwini nyumba kulowa? Imeneyi ndi nyumba ya lendi, achimwene. Kukhoma kamsomali pakhoma mpaka ukagwade kwa alandilodi."

"Iwe vuto lako umafuna chilichonse chizikumvera."

Pamenepo sananame. Ine mtima wanga ndi wapachala, ndipo chinthu chondikanira chimandiwawa kuposa munthu wonditukwana.

Bambo mkangano wathuwo analibe nawo ntchito. Anapezamo pulogalamu yojambulira mawu imene mwini wake woyamba anasiya, yokhala ndi batani lalikulu lofiira loti ngakhale maso awo ofooka aja ankaliona. Akadya chamasana ankakhala pansi pa mtengo wa mapeyala kuseri kwa nyumba, tabuleti pamiyendo, n'kumayankhula nayo. Ankaimba nyimbo za Chilomwe zimene amayi awo ankaimba polima. Ankatchula midzi imene makolo awo anadutsa kuchokera ku Mozambique mpaka kudzafika m'minda ya tiyi ku Mulanje, ndi achibale amene anatsalira m'njira. Tsiku lina ndinawamva akuifotokozera kadulidwe ka kolala ya malaya. Ndinkawaseka kuti, "Kodi bambo, mwatsegula wailesi yanu?" Ife ana Chilomwe timangodziwa moni basi, ndipo sindinakhalepo pansi ngakhale tsiku limodzi kuti ndimvetsere. Zimenezi zimandichititsa manyazi mpaka lero.

Patatha zaka zinayi bambo anamwalira. Maliro atatha, abale atabalalika, amayi anayamba chizolowezi chawo. Dzuwa likapendeka ankandiuza kuti, "Tandiyatsira abambo ako," n'kukhala pamkeka kumamvetsera, manja ali pamiyendo. Kenako tsiku lina ndinaona kuti galasi la tabuleti layamba kutukuka mbali imodzi. Batire linali likutupa mkati. Inayamba kuzima ukangoichotsa pa tchaja, ndipo ikayaka theka la ola inkatentha ngati simbi. Ndinayesa kutumiza mawuwo pafoni yanga, koma pulogalamu ija inafuna kuti ndilowe kaye mu akaunti ya munthu wosadziwika uja. Mawu a bambo anali m'chinthu chimene chinkafa, ndipo chinkakana kuwatulutsa.

Ndinaimbira achimwene n'kuwakhuthulira zonse. "Mlonda wanu uja watsekera bambo m'nyumba yoyaka moto!" Iwo sanandibwezere ngati kale. Anangoti, "Ndakumva, mlongo wanga."

M'mawa mwake ndinakwera minibasi kupita ku Ndirande, kumene amati palibe chokanika kutsegula. Pabenchi yoyamba ya okonza mafoni, bambo wina anaiyang'ana mwachidule. "Iyi timaiflasha, mayi. Mawa mudzaitenge, izidzalandira chilichonse." Ndinamva kukoma mumtima kuti lero yakumana nazo. Ndinali nditaisiya kale pabenchipo pamene mkulu wina wapabenchi yoyandikana, wa ndevu zoyera ndi kofia kumutu, anandifunsa osadzutsa mutu pa wailesi imene ankakonza.

"Muli chiyani mmenemo, mayi?"

"Mawu a bambo anga."

"Ali moyo?"

"Ayi."

"Ndiye yambani mwaitenga, muigwire m'manja mwanu."

Anandifotokozera kuti kuflasha n'kusesa nyumba yonse, ndipo chilichonse chili mkati chimapita. Bambo wofuna kuflasha uja anati, "Aa, koma sananene kuti muli zofunika." Zinali zoona. Sindinanene ndipo sindinafunse, paja safunsa anadya phula. Ndinakhala pa kreti yopanda mabotolo imene inali pomwepo.

Mkulu uja, amene ndinamva pambuyo pake kuti anayamba ndi mawotchi ndi mawailesi mafoni asanabwere, analumikiza tabuleti ku kompyuta yake. Kompyuta inaona zithunzi zokha, mawu osawaona. Za kusintha batire anakana. Anati lotupa chonchi ukalitokosa limatha kuyaka, ndipo lina lofanana nalo kuno silipezeka msanga. Apa ndinayambiranso mkangano wanga wakale, mokweza, mpaka okhoma zidebe kuseri anasuzumira. Ndinati anthu opanga zinthu zimenezi ndi ankhanza, amakugulitsa mbuzi chingwe n'kutsala nacho okha. Ndinatchulanso za achimwene ndi mlonda wawo uja.

Mkuluyo anandisiya ndimalize, kenako anafunsa kuti, "Adzukulu ankaiseweretsa?"

"Aiseweretse chiyani, mopanda gemu?"

"Ndiyetu mawuwa akadalipo chifukwa cha chimenecho. Ikanakhala foni yanuyo, bwenzi agogo atafufutidwa kalekale kuti gemu ya mpira ipeze malo. Koma inunso simukunama, mayi. Chinthu cha munthu chisamamukanize mwini wake kutenga zake. Inu ndi achimwene anuwo nonse mukunena zoona, koma mkangano sutulutsa mawu mmenemu."

Sindinakonde kumva kuti achimwene anali ndi mbali yawo yolondola.

Njira ya mkuluyo inali yachikale. Anati kale akafuna kukopera kaseti ankayandikizitsa mawailesi awiri, ina ikuimba ina ikujambula, aliyense m'nyumba ali chete. Tabuleti ingakane kutumiza mawu, koma singakane kuyankhula. Tiisiye iyankhule, foni yanga izimva. Chofunika ndi malo opanda phokoso basi.

Ndinaseka. Kwathu kuli chigayo kumtunda, wowotcherera zitseko kumunsi, sipika ya pabala, akalipentala kuseri kwa mpanda, ndi njinga zamoto za kabaza zokwera ndi kutsika chitunda chathu tsiku lonse.

"Magetsi kwanuko akuzima liti sabata ino?" anafunsa.

"Loweruka masana."

"Ndibwera Loweruka."

Masiku otsalawo ndinayenda khomo ndi khomo kupempha aneba kuti Loweruka masana atithandize kukhala chete. Akalipentala aja, amene ankasewera bawo ndi bambo zaka zambiri, anati sakhudza sowo kapena hamala. "Za anyamata a kabazawo mundisiyire ine," anatero. Sindinafunse kuti atani, phunziro la ku Ndirande lija linali lisanandilowe bwino.

Loweruka mkulu uja anafika ndi batire la galimoto m'chikwama, loti lizipatsa moto tabuleti, ndi kamaikolofoni kakang'ono kolumikiza kufoni. Magetsi anazima pa nthawi yake, chigayo chinaleka, sipika ya pabala inaduka pakati pa nyimbo. Aka kanali koyamba m'moyo wanga kuthokoza kuzima kwa magetsi. Tinayala bulangete patebulo la pabalaza, n'kuika tabuleti ndi foni moyang'anizana. Amayi anakhala pamkeka pawo. Mkuluyo anakweza chala, n'kudina batani, ndipo bambo anayamba kuimba.

Tinkajambula pang'ono n'kuipumitsa kuti izizire, kenako n'kupitiriza. Patapita nthawi ndinazindikira kuti kunja kwachita zii mopitirira muyeso, ngakhale njinga imodzi osamveka. Ndinasuzumira pawindo. Pakhonde ndi pabwalo panali azimayi atakhala pansi, atamanga zitenje ndi mipango, ndipo azibambo anali mbali yawo m'mphepete mwa mpanda, zipewa zili m'manja. Ndinatuluka mwakachetechete wopanda nsapato n'kuyang'ana kumsewu. Kumtunda ndi kumunsi kunali kutayalidwa masamba aawisi modutsa msewu, monga timachitira pakagwa maliro.

Ndinawakokera akalipentala kuseri kwa bafa. Kukalipa monong'ona n'kovuta, koma ndinakwanitsa.

"Mwaika masamba? Mukufuna kuwachitira malodza amayi anga?"

"Pepani, mayi, ndalakwa. Koma anyamata a kabazawa samva apolisi, samva abusa, amangomva masamba. Nanga ndikanatani?"

Mayi wina wachikulire wa kutchalitchi kwathu, amene anathamanga kuchokera kumsika poganiza kuti amayi atisiya, atamva zoona zake anawaloza chala akalipentalawo n'kuwatuma kuti akachotse masambawo msangamsanga. Anakachotsa ali wereee, mutu uli pansi. Ena mwa obwerawo anachoka akupukusa mitu, ndipo sindiwaimba mlandu. Koma ambiri sanadzuke. Mawu a bambo ankatulukira pawindo, ndipo ambiri mwa anthuwo anavalapo malaya osokedwa ndi iwo. Azibambo awiri anakaima kumsewu, njinga ikamabwera n'kumaikodola kuti izimitse injini, ndipo anyamatawo ankatsika n'kumakankha. Gogo wina wa kumtunda, amene sindinkadziwa n'komwe kuti ndi Mlomwe, ankatsatira nyimbozo ndi milomo yokha, misozi ikutsika.

Ine ndinabwerera m'nyumba n'kukhala pansi pafupi ndi amayi. Tsiku limenelo ndi limene ndinamvetsera bambo anga koyamba kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo ndinamva dzina la mlongo wawo amene anamwalira ali wakhanda panjira, amene sanatiuzepo za iye.

Tabuleti ija inazimiratu patangotha sabata, osayakanso. Mawuwo tsopano ali m'foni yanga, m'mamemole khadi atatu, kwa achimwene ku Joni ndi kwa abale ku Mulanje. Muli tambala wa aneba ndi chifuwa cha munthu wina pakhonde, koma bambo akumveka bwinobwino. Ine ndi achimwene timakanganabe za mlonda wawo uja, ndipo sindinagonje. Koma ndimathokoza. Ndimathokoza mkulu uja amene anafunsa funso limene silinali ntchito yake kufunsa, ndipo ndinamusokera mkanjo woyera ndi makina a bambo. Ndimathokoza aneba anga, ndi akalipentala omwe ndi masamba awo. Ngakhale chinthu chamakani chija ndimachithokoza monyinyirika, poti chinasunga bambo zaka zonsezo pamene ine mwana wawo ndinkawaseka.

Chomaliza kujambula tsiku lija chinali chimene bambo anajambula atadwala kale, mawu atachepa mphamvu. Dzuwa linali litapendeka ndipo tinkaopa kuti magetsi abwera nthawi iliyonse chigayo n'kuyambiranso. Ali pakati pa nyimbo, bambo analekeza, n'kuitana chakumbali ngati munthu wotembenukira kukhomo.

"Mayi a ana, muli pomwepo?"

"Ndili pano, bambo," amayi anayankha pamkeka paja, mokweza, asanaganize n'komwe.

Ndinatambasula dzanja kuti ndiimitse foni tiyambirenso, poti tinagwirizana kuti aliyense asatsokomole n'komwe. Mkulu uja anandigwira pamkono n'kupukusa mutu. M'tabuletimo bambo anadikira kanthawi, kenako anati, "Chabwino. Ndimangofuna kudziwa," n'kupitiriza nyimbo yawo mpaka kumapeto.

Mkuluyo anadina batani lomaliza. Amayi anapukuta nkhope ndi nsonga ya chitenje, n'kutembenukira kwa ine.

"Tsiku limenelo ndinali pampopi, ndowa isanadzaze. Ndinawamva akuitana, ndinati ndiyankha ndikafika, kenako ndinaiwala. Usachotsemo pamenepo, mwana wanga."