Ulendo Wotsiriza wa Culebra

Don Anacleto Berrío sanali munthu woti ungawacheukire kawiri m'misewu ya ku Barranquilla. Anali aafupi, ogontha khutu limodzi, koma mkono wawo wamanja unali wojintcha ngati anachita kubwereka kwa munthu wina. Unakula choncho chifukwa cha Culebra, sitima yamasewera ya mu paki ya kumtsinje, yoyenda pa njanji zokhomedwa pa nsanja yamatabwa. Inkakwera pang'onopang'ono mpaka kumwamba, n'kudzatsika chamutu anthu akukuwa ngati akuphedwa. Sitima zakale zotere zinkafuna munthu wokhala pakati pa okwera atagwira mpini wa buleki, ndipo kuyambira pa unyamata mpaka imvi mbuu, munthuyo anali iwowa.

Lamulo lawo linali limodzi basi: sitima ikanyamuka, ibwerere pamene inayambira, kaya kugwe mvula, kaya aikankhe ndi manja. Ikaima ankamenya thabwa ndi chikhatho n'kunena kuti, "Tafika, tsikani." Anzawo ankawaseka kuti amalankhula ndi matabwa.

Ndiye eni paki anagulitsa malowo kwa omanga nyumba zosanjikizana. Anthu opanda ulemu, ine mpaka lero amandinyansa! Anadula magetsi masanasana, dzuwa litapendeka, Culebra ili pamwamba penipeni, itangotsala pang'ono kutsika. Okwera anawatsitsira pa makwerero, ngolo anadzazinyamula ndi makina.

"Ndiloleni ndingoifikitsa," anachonderera Don Anacleto.

"Madala, kapumeni," anatero woyang'anira. "Yafika kale imeneyo."

Anatuluka pageti atasenza mpini wa buleki, mtima ukuwawa.

Nsanja itagwetsedwa, anthu a m'deralo anakhamukira matabwa, poti anali olimba. Telala anapanga chitseko. Doña Eulogia anakhoma tebulo logulitsirapo arepa, timikate ta chimanga. Wina bedi, wina kabati. Wilfrido, mkamwini wa Don Anacleto, anatola mtanda waukulu wa pa khona loopsa la njanjiyo, pamene buleki inkakokedwa ndi mphamvu zonse, n'kuusandutsa msana wa denga lake. Pa mtandawo mpamene Nohemí, mwana yekhayo wa madalawa, ankamangirira nsalu yogonekamo khanda lake.

Zinayamba tsiku lina dzuwa litangopendeka, nthawi imene paki inkatsegulidwa. Chitseko cha telala chinalira chokha, ke-ke-ke-ke, monga muja linkachitira tcheni lokokera sitima kumtunda. Kenaka zii. Kenaka makapu a Doña Eulogia n'kuyamba kuvina patebulo, bedi la uje n'kunjenjemera, nyumba ndi nyumba, motsatira mmene matabwawo anandondozerana panjanji. Anthu anati ndi malole a pamsewu waukulu. Malole ake ati odutsa m'kabati? Don Anacleto anazimva kumapazi ndipo anazindikira. Culebra inkayendabe, popanda woigwira buleki.

Tsiku lililonse inkabwera mothamangirapo, ndipo ikafika kwa Wilfrido mtanda unkabuula, fumbi n'kuyoyokera pankhope ya khanda. Mng'alu unaoneka, poyamba ngati ulusi, kenaka woti n'kulowetsamo chala.

"Nohemí, chotsa mwana pansi pa mtandawo."

"Bambo, mwayambanso? Chipinda n'chimodzi chomwechi, ndimugoneke kuti, pamsewu?"

"Apongozi," anaseka Wilfrido, "sitima yanuyo ikabwera mutisungireko mpando wakutsogolo. Ulere ukhalepo, ndife achibale!"

Madalawo sanaseke. Ankachita mantha, mantha enieni, chifukwa ankadziwa chimene khona limenelo limachita ndi sitima yopanda buleki.

M'mawa mwake anameta ndevu, anavala malaya awo a ntchito otuwa aja, n'kudikira dzuwa lipendeke. Anafika kwa Nohemí ndi mpini paphewa, Wilfrido ali kuntchito. Anakoka mpando n'kuukhazika pansi pa mtanda.

"Mwana wanga, kandigulire khofi kwa Eulogia. Mwanayo umutenge, apitidweko mphepo."

"Khofi ali m'nyumba muno, bambo."

"Ndati wa kwa Eulogia."

Nohemí anawayang'ana, n'kunyamula khanda, n'kutuluka akung'ung'udza.

Don Anacleto anatsamiritsa nsonga ya mpini pansi, pakati pa mapazi, n'kuugwira ndi manja onse. Chapatali chitseko cha telala chinayamba: ke-ke-ke-ke. Mpando unapendekera kumbuyo. Anaona mtsinje uli pansi, madenga ofiira, makhwangwala akuuluka m'munsi mwa mapazi awo. Kumbuyo kwawo kunali anthu, ankamva kupuma kwawo, koma sanacheuke. Wogwira buleki sacheuka.

Kenaka kutsika kuja. Mphepo inawamenya kumaso m'chipinda chotseka mawindo, ndipo khutu logontha lija linamva kukuwa bwinobwino. Anadutsa tebulo, bedi, kabati, khona likubwera, mtanda pamwamba pawo ukulira ngati ng'ombe. Anakoka. Mpini unatentha, phewa linathetheka, iwo osasiya. Anakoka mpaka m'chifuwa munaduka kanthu.

Nohemí ankabwerera ndi kapu m'manja pamene anamva chikhatho chikumenya thabwa, phaa, ndi mawu a bambo ake, odekha ngati kale: "Tafika, tsikani." Chitseko chinatseguka chokha n'kukhala choncho kanthawi ndithu, ngati pakutuluka anthu ambiri.

Anawapeza ali tsonga pampando, atasiya kupuma, imvi zonse zitagonera kumbuyo, misozi itayenderera cha kumakutu, zikhatho zili matuza okhaokha. Mtanda sunabuulenso kuyambira tsiku limenelo, ndipo khanda lija linakulira pansi pake. Koma zala za Don Anacleto zinakana kusiya mpini. Wilfrido anayesa kuzitambasula akulira, mpaka Nohemí anamugwira mkono.

"Asiye," anatero. "Apite nawo."