Dzanja la Abambo pa Fomu ya Lejiko

Mwana wanga wamkazi amagwira ntchito yosamalira okalamba ku Midland. Tsiku lina atapuma, tinakwera sitima kukaona nyumba ya malamulo ya kuno ku Perth. Mayi wotionetsa malo anafotokoza za khonsolo yoyamba yosankhidwa, dera lino likadali m'manja mwa atsamunda. Ankavota ndi amuna okhala ndi minda kapena nyumba basi. Za eni nthaka sankaziganiza n'komwe. Anatero mayiyo, n'kutilozera mipando yachikopa.

Mwana wanga anandigwira pamkono. "Adadi, auzeni. Si paja agogo anavota nawo pachisankho choyamba cha Lejiko, nyumba ya malamulo ya kwathu ija?"

Ndine ndinamuuza zimenezo ali wamng'ono. Linali bodza.

Sukulu ndinayamba ndevu zitamera kale, ndipo tizilembo tangato ndinkatinyadira koopsa. Polemba mayina a ovota ndinali mesenjala paboma, ndiye anandiika patebulo lolandira mafomu. Lamulo linali lakuti munthu alembe yekha fomu pamaso pathu. Koma mzungu wotiyang'anira akatuluka kukasuta, makalaliki ankawagwira dzanja abale awo n'kulemba nawo. Aliyense ankadziwa.

Abambo anabwera wapansi kuchokera kumudzi, atavala jekete la kutchalitchi. Mwezi wathunthu anakhala akuphunzira kulemba dzina lawo padothi ndi kamtengo. Cholembera sichinali kamtengo. Chinaterereka, inki n'kudontha. Mzungu anali panja.

"Mwanawe, tandigwira dzanjali," anatero chapansipansi.

Ndinali mu yunifolomu yatsopano, mzere wonse ukundiyang'ana. Ndinawayankha m'Chingerezi, chimene sankachimva, n'kuitana wotsatira. Abambo anaimirira, nandithokoza ngati ndine bwana, natuluka. Nkhaniyi sanaitchulepo mpaka tsiku limene anatisiya, chisankho china chisanafike.

Mayi uja ankadikira akumwetulira. Ndinalankhula m'Chichewa, kwa mwana wanga yekha.

"Agogo ako sanavote. Ndinawabweza ndine."

"Adadi, mukuti chiyani?"

"Anandipempha ndiwagwire dzanja. Ndinakana."

Mwana wanga anatembenukira kwa mayiyo, ndi mawu ofewa aja amalankhulira nkhalamba za kuntchito kwake, nati m'Chingerezi abambo ake atopa, masiku ano zakale amazisokoneza.

Chingerezicho ndinachimva bwinobwino. Mayiyo anandibweretsera mpando ndi madzi akumwa, ine n'kukhala.